Waya Wobiriwira

Lucious anamuona komaliza mlongo wake Lefina mu saluni yake ku Santhe, akuyesa makina ofukiza nkhope ndi nthunzi.

"Waya wobiriwirayu ndamulowetsa m'nthaka kuti makinawa akalakwika, magetsi asakugwire," anatero Lucious. "Alamu, chonde musamuchotse."

"Ine? Ndapenga?" anaseka Vincent, mwamuna wa Lefina.

Patatha sabata, Lefina anakhudza makinawo ndi manja onyowa. Sanadzukenso.

Pamaliro Vincent anamuloza chala Lucious. "Sukulu ya zamagetsi unaisiyira panjira iwe! Wandiphera mkazi!"

Lucious anapita kukalira kuseri kwa chigafa. Njinga ya alamu akewo inali pomwepo chibwerereni kogula feteleza wa makuponi, thumba likadali pakaliyala, lomangidwa bwinobwino ndi waya wobiriwira.

Lefina anaikidwa m'manda pa 14 Novembala, 2012.