Chingalire Zingati

"Alamu, zipangizo zake zingalire zingati? Ingondigulitsani chomwechi, inu mupanga china."

Anatero mlamu wa wokonza mawailesi. Wokonza mawailesiyo anatsegula choyezera mawaya chake, chimene anapanga yekha m'kabokosi ka sopo. Nsonga zake ziwiri zikakhudza waya wamoyo chimalira, koma waya akaduka mkati chimangoti zii.

Anayamba kuloza ndi chala. "Batire ndi mtengo wa buledi. Swichi, mabuledi awiri. Mawayawa ndi otola."

Chala chinaima pa kasipika kakuda ndi utsi. Kameneka anakachotsa kale m'wailesi ya malemu mkazi wake, mlongo wa mlamuyu, ija ankaiika pawindo akamaphika.

"Kameneko ndiye musawerengere n'komwe," anatero mlamu uja akuseka. "Kumsika tili mbwee."

Wokonza mawailesi anagunditsa nsonga ziwiri zija. Kasipika kanalira, mawu ake osasa pang'ono ngati kale. Anamvetsera kanthawi, kenako anatseka kabokosiko bwinobwino n'kukakokera kwa iye.

"Ndikupangirani chanu, alamu, ndi kasipika katsopano. Koma ichi musandifunse kuti chingalire zingati. Chimalira tsiku lililonse."