Kanema wa Mfuko

Padangokhala, ine ndili pomwepo ndi maso angawa, Mfuko anatopa nako kukhala yekhayekha kuuna kwake kosapondako mlendo. Anakagula kanema wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, woonetsa mbee, moti unkatha kuona nsabwe m'mutu mwa wowerenga nkhani.

Poti Mfuko ndi wofooka maso, anapempha Mleme kuti amupachikire kukhoma. Mleme anagwira ntchitoyo atalendewera kudenga monga amachitira kwawo, ndiye kanemayo anakhala chadodolido.

Loweruka mudzi wonse unakhamukira kumeneko kukaonera mpira. Osewera ankathamanga mitu ili pansi.

"Achimwene, mwapachika mozondotsa," anatero Gologolo.

"Wozondoka ndiwe," anayankha Mleme ali kudenga. "Kuno akuoneka bwinobwino."

Anakangana mpaka fumbi kobo, anzawo akugubuduka ndi phwete. Kenako Gologolo ananyamuka kuti akatembenuze kanemayo, koma Mfuko anamugwira mchira.

"Musiyeni choncho, alamu. Ine zithunzizo sindiziona n'komwe. Chimene ndinagula ndi phokoso lanuli."

Kuyambira pamenepo palibe Loweruka limene tinajomba. Khosi langa lokhotali mukulionali linakhotera komweko.