Mpweya Unakanirira Pakhosi

"Kokani mpweya pang'onopang'ono, muwerenge mpaka folo," anatero mnzake wa pa desiki yoyandikana, kuuza wogulitsa masheya a makampani amene ankabanika mu ofesi.

Wogulitsa masheya uja anayesa, koma mpweya unakanirira pakhosi. Pakompyuta mitengo inkagwabe, mzere wofiira ukungotsetsereka. Pachifuwa panali ngati pakhala munthu, ndipo mkono wamanzere unachita dzanzi. Mantha anamugwira. Kodi kufa kumayamba chonchi?

"Kuwerenga kokhako sikuthandiza," analowererapo mlamu wake, amenenso ankagwira ntchito momwemo. "Alamu, mukamakoka mpweya muzitchula dzina la Mulungu. Mwini mpweyawo ndi Iyeyo."

"Izi n'za mapapo ndi ubongo basi, osalowetsapo zakutchalitchi!" anayankha mnzake uja.

"Nanga mapapowo munaumba ndinu?"

Wogulitsa masheyayo ankafuna kukuwa kuti akufa, koma mawu osatuluka. Anatsinzina, thukuta lili kamukamu.

"Mwaona? Wayamba kudekha," anatero awiriwo, aliyense akuyamikira njira yake.

Mayi wokolopa mu ofesimo ndi amene anamuyang'ana kumaso, n'kutaya chokolopera, kuthamangira foni.

Mu ambulansi, namwino anamuveka kumphuno chopumira cholumikizidwa ku botolo la mpweya.

"Ndi mtima uwu, bambo. Lekani kulimbana nako kupumako, botololi likuthandizani."