Khobidi la pa Trevi

"Osati choncho, Nuria. Fulatira madziwo, uponye ndi dzanja lamanja kudutsitsa paphewa lamanzere," anatero mwamuna wanga Anselmo, akunditembenuza ngati mwana.

Linali Loweruka masana. Tinali titapanikizika m'khamu la anthu pa kasupe wa Trevi, ayisikilimu akundisungunukira m'dzanja. Ulendo wa ku Roma umenewu ndinaupempha kwa zaka zambiri, iye n'kumangoti, "Kukaona miyala? Ya kuno ku Burgos yatha?" Potsiriza anavomera, akuti nayenso akaoneko kumene sanapondeko chibadwire.

"Ndiye ndikaponya chichitike n'chiyani?" ndinafunsa.

"Woponya khobidi muno amabwereranso ku Roma," anayankha akuseka. "Ndipo si nthano ayi. Ine si uyu ndabwerera..."

Anasiyira pomwepo, n'kuyamba kupukuta magalasi ake ndi malaya.

Ndinakumbukira za m'mawa uja, mmene ankakhotera m'tinjira osayang'ana pafoni, mmene ananenera kuti khofi wa pakona apo ndi woipa, tikamwere kutsogolo. Ine ndinkangomutsatira monyadira, n'kumati ndinakwatiwa ndi munthu wamutu.

"Unaponya uli ndi ndani?"

"Nuria, anthu akudikira malowa. Ponya tizipita."

"Za phewa lamanzerezi anakuphunzitsa ndi iyeyo?"

Asanayankhe, mayi wina wachikulire anatifunsa ngati tikufuna atijambule. Anselmo anamupatsa foni mwachangu, n'kundikoleka mkono m'khosi. Tonse tinamwetulira, ndipo chithunzicho chinatuluka chokongola kwambiri.

Khobidi langa ndinalibwezera m'thumba.