Chitenje cha nkhanga

"Zovala za amayi ziikidwe m'katoni iyi," anatero Naomi, akukhuthula thumba lake patebulo mu holo ya tchalitchi ku Etobicoke, m'dziko la Canada.

Selina anayang'anitsitsa patebulopo. Pakati pa zovala zopita ku Dominica, chilumba chomwe namondwe anali atangochisakaza, panali chitenje cha nkhanga zobiriwira. Chinali chimodzimodzi ndi chomwe iye anali atamanga pamwamba pa diresi, chija mwamuna wake Ambrose anabwera nacho kuchokera ku Limbe, akulumbira kuti m'sitolo munatsala chimodzi chokha.

"Achemwali, nsalu iyi munaigula kuti?" anafunsa Selina.

"Kugula? Anandipatsa ndi bambo a kunyumba kwanu atabwerako kumudzi," anayankha Naomi osadzutsa n'komwe mutu. "Koma ine zosuluka sindivala. Ndinkangositirapo zovala."

Amayi ena onse anatanganidwa mwadzidzidzi ndi kumanga makatoni.

Selina anamasula chitenje chake, chomwe ankachivala pa zochitika zikuluzikulu zokha. Anachipinda mosamala n'kuchisanjika pa chinzakecho.

"Zipite zonse ziwiri," anatero. "Mwina kumenekonso kuli bambo wa akazi awiri. Asakavutike pogawa."