Chitseko cha Mbali ya Mayi

Chitseko chatsopano chinatsekeka ndi chala chimodzi, popanda n'phokoso lomwe. Mmisiriyo anangoti chilili m'galaja, sipanala ili m'manja.

Inali miyezi isanu akudzutsa pikapu yake yakale. Boneti anasintha, madigadi odyeka ndi dzimbiri anataya. Chomaliza chinali chitseko cha mbali imene ankakhala malemu mkazi wake. Chakalecho tsopano chinali chitatsamira khoma, chobenduka pakati.

Chinali chitseko chamwano, chosatsekeka ukakhala m'kati. Ulendo uliwonse iye ankazungulira galimoto n'kukachigunda ndi chiuno.

"Musadzachikonze," mkaziyo ankatero akuseka. "Chikadzachira, adzanditsekere ndani ngati bwana?"

Foni inalira. Anali mwana wake wamkazi, wokhala kutali.

"Bambo, chitseko ndinakutumizirani chija chakwana?"

Anasuzumira mpando wopanda munthu. Anatsegula, n'kutsekanso. Chitseko chinamvera ngati poyamba.

"Chakana, mwanangu. Mahinjesi sakugwirizana."

"Aa! Ndiye mutani?"

"Ndiona."

Anabweza foni m'thumba. Kenako anagwada, n'kuyamba kumasula mabauti amene anali atangomanga kumene.