Chitsulo Chimene Wometa Anachotsa Pagalimoto ya Mkazi Wake

Panali munthu wina wometa tsitsi, ndipo amene wanditumizira nkhaniyi akulumbira kuti inachitikadi. Mkazi wake ankabwereketsa matenti ndi mipando pamaukwati. Anali ndi pikapu yaikulu yokokera thirela, ndipo ankayendetsa yekha. Bamboyo mkazi wake ankamukonda, izo sitikana. Koma nsanje yake, abale inu! Ngakhale wothira mafuta akangomumwetulira mayiyo, tsiku limenelo kunyumba kulibe mtendere.

Pikapuyo inali ndi vuto. Ikasenza katundu, pokhota inkapendama ngati ikufuna kugona, thirela n'kumavina kumbuyo. Mayi anapita nayo kugalaja, ndipo makaniko anamangirira chitsulo chachitali kunsi, pakati pa matayala akumbuyo. Amachitcha sitabilaiza. Ntchito yake ndi kugwira galimoto kuti isapendame pokhota.

Mayi anabwera kunyumba akungosekerera.

"Abambo, galimoto ija yasinthiratu! Pakona ndimadutsa mtima uli m'mwamba paja, lero ndadutsa ngati palibe kanthu. Makaniko uja ali ndi manja odala."

Mawu amenewo anamubaya wometa ngati minga. Manja odala? Iye wakhala akumeta anthu zaka zonsezi, koma mkazi wake sanayamikirepo manja ake.

Ku shopu anzake anasonkhezera moto.

"Achimwene, ife galimoto ikatifera panjira, makaniko uja foni sayankha. Koma alamu athuwa akangomuimbira, uyo watulukira ndi sipanala m'manja!"

Onse anafa nacho chiseko. Nayenso anaseka, koma maganizo anali kwina mpaka anamusiyira kasitomala chigamba pamutu.

Kuyambira pamenepo, akaona pikapu pakhomo ankaona makaniko. Akawerama n'kuona chitsulo chonyezimira chija, mtima unkamuwawa ngati mwamuna mnzake wakhala pampando wake. Tsiku lina mkazi atapita pabasi kukaona mayi ake, wometa analowa kunsi kwa galimoto, anamasula mabawuti, n'kuchotsa chitsulocho. Anachisenza paphewa mpaka kugalaja, n'kuchiponya pamapazi pa makaniko.

"Tenga chitsulo chako. Za pakhomo panga uzisiye!"

Makaniko anapukuta m'manja, n'kunena mofatsa kuti, "Bwana, ine akazi anu sindikuwafuna, wanga ndili naye. Koma poti mwachotsa, chonde mukawauze mayi. Panopa azolowera kukhota mothamanga. Akapanda kudziwa, galimoto ikawagubuduza."

"Iwe uzindiphunzitsa zolankhula ndi mkazi wanga? Wandiona bwanji?"

Wometa atachoka, makaniko anayesa kuwaimbira mayiwo, koma foni sinkalowa. Sankadziwa kuti wometa anali atatseka kale nambala yake mufoni ya mkazi wake.

Mayi atabwerako, mawu a makaniko aja ankamuvutitsa wometa mumtima. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma anaganiza kuti akanena, mkaziyo apitanso kugalaja, ndiye kuti akaonananso ndi makanikoyo. Anameza mawu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake!

Kutacha kunali ukwati kutali ndithu. Iye yemweyo anathandiza kukweza matenti, anasanja mipando mpaka pamwamba, anakoka zingwe mwamphamvu. Mayi analiza galimoto.

"Mutsale bwino, abambo."

"Muyende bwino, amayi," anatero iye, dzanja lili m'mwamba.

Sipanapite nthawi, foni inalira ali pakati pometa munthu. Woimbayo anamuuza kuti pakona paja pikapu inapendama, thirela inakoka mbali yake, zonse n'kugubuduzikira kumunsi kwa msewu. Mipando inali mbwee paliponse. Anthu anawatulutsira mayiwo pawindo atathyoka mwendo ndi nthiti.

Wometa anathamangira kuchipatala akulira ngati mwana. Anakhala pambali pa bedi, akusisita dzanja la mkazi wake, osanena kanthu za chitsulo. Ankaganiza kuti nkhaniyo yathera kumunsi kwa msewu konkuja.

Patapita masiku angapo, makaniko anabwera ndi mkazi wake kudzaona wodwala. Mayi atangomuona anadzilimbitsa kulankhula.

"Amakaniko, ine ndinakukhulupirirani. Chitsulo chanu chija chinathyoka kodi? Galimoto inapendama ngati kale lija."

Makaniko anayang'ana pansi, kenako anayang'ana wometa.

"Mayi, chitsulo chili kugalaja, n'chabwinobwino. Afunseni abambowa."

Wometa anagwada pansi n'kuulula zonse, mamina ndi misozi zili chuchuchu. Anati anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, ankaopa kulandidwa mkazi.

Mayi sanakalipe. Anangochotsa dzanja lake m'manja mwa mwamunayo.

"Pamene munkakoka zingwe paja, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Pamene ndinkaliza galimoto?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Ndiye n'kundiuza kuti ndiyende bwino?"

Mayi anatembenukira kukhoma, n'kupempha namwino kuti amutulutse bamboyo panja.

Atatuluka m'chipatala, akuyendera ndodo, mayiyo anakwera galimoto ya mchimwene wake n'kupita kwawo. Wometa anatuma akuluakulu kukapepesa, koma yankho linali limodzi lokha: "Munthu woti akhoza kundiona ndikupita kukafa iye n'kukhala chete, sindingagone naye nyumba imodzi." Mpaka lero bamboyo amakhala yekha. Palibe mwamuna aliyense amene anamulanda mkazi, anamuthamangitsa yekha ndi manja ake.

Phunziro: Nsanje ikakula imakutsekani pakamwa pa nthawi imene mawu anu akanapulumutsa munthu. Musakhudze chitsulo chimene simukudziwa ntchito yake, ndipo mukasintha kanthu pagalimoto, muuzeni woyendetsa asanalize. Akatswiri akakuchenjezani, mverani ngakhale simuwakonda. Tumizani nkhaniyi kwa abambo ndi amayi onse amene mumawadziwa, mwina pali wina amene wameza mawu oti akananena lero.